Mipira Yogwera kwa Apongozi

Mukamachoka pa Nsaru kulowera cha ku Kabudula, mukangodutsa chigayo, tcherani khutu. Mudzamva kaphokoso kena kake: pho! pho! pho! ngati wina akugogoda chikho chopanda kanthu. Si chigayo chimenecho ayi. Ndi ana akumenya pikobolo, masewera amene anabwera dzanadzanali koma afika kale pozunguza ana mitu kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma. Ndipo bambo wamtali wowonda amene mudzamuone ataima pambali, pensulo ili kukhutu, akukuwa kuti "Watuluka umenewo!", ndiye Bizwick kalipentala, mkamwini wa pamudzipo.

Bizwick kwawo ndi ku Nambuma. Anabwera kuno ali mnyamata, sowo ndi puleni atamangirira pakeliyala ya njinga, kudzakhoma zitseko za nyumba ya aphunzitsi. Zitseko anakhoma, zinatha, koma mwini wake osabwerera kwawo. Anali ataona Cecilia, mwana wa a Nachisale, akuimba kwaya kutchalitchi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo anayamba kupeza zolakwika pa zitseko zimene anakhoma yekha, kuti apeze chifukwa chokhalirabe. Ankhoswe anakumana, ukwati unadalitsidwa, Bizwick n'kumanga nyumba yake kuseri kwa mpanda wa apongozi ake monga achitira mkamwini aliyense.

Tsono masiku ano zothawana ndi apongozi zinayamba kutha. Ena amakwera nawo ngolo imodzi, ena mpaka kuimbirana foni kufunsana mitengo ya feteleza. Koma osati a Nachisale! Mayi amenewa, a Mvano otentha, aafupi koma a mawu ofika kudambo, anakula ndi mwambo wakuti mkamwini suyang'anizana naye nkhope, ndipo analibe maganizo osintha. Bizwick naye, munthu wamanyazi chibadwire, mwambowo unamukwana ngati nsapato yomuyeza. Akakumana panjira, wina ankapatukira uku wina uko, m'chimanga, m'fodya, m'chilichonse chimene chamera pamenepo. Tsiku lina Bizwick anadumphira m'chitedze thabwa lili paphewa. Anakanda mpaka Lamulungu, koma anati bola kukanda kusiyana n'kuchita mwano. Mabanja ena amathetsa zimenezi mwana woyamba akabadwa: nkhuku imaphedwa, awiriwo n'kuyamba kupatsana moni. Kwa awa, aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe. Nkhuku zinkaswa, kukula, kudyedwa pa zifukwa zina, zaka n'kumapita.

Musaganize kuti sankalankhulana. Ankalankhulana tsiku ndi tsiku, koma kudzera mwa Cecilia. A Nachisale ankaima kuseri kwa mpanda wa udzu n'kukweza mawu: "Cecilia! Uwauze amuna ako kuti chitseko cha khola la mbuzi chagwa, kapena akudikira fisi adzawauze yekha?"

Bizwick, ali pomwepo mbali ino ya mpanda, ankatembenukira mkazi wake n'kunena motsitsa: "Uwauze amayi kuti ndamva."

Cecilia ankaseka mpaka kugwira nthiti. "Abale inu, mwamvana kale, ine ndinenenso chiyani?" Koma ankanenabe, chifukwa iye akapanda kubwereza, uthengawo unkatengedwa ngati sunafike.

Cecilia anamwalira mvula ili pakati, chimanga chitangoyamba kumasula. Sanadwale nthawi yaitali. Apa palibe choseketsa, tidutsepo msanga. Bizwick analira ngati mwana, ndipo bokosi anakana kulikhoma, anachita kukhoma anzake a pa Nsaru. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Thokozile, amene anali mu Sitandade 7, anangoti zii. Mtsikana amene ankasokosa mudzi wonse uja anasanduka munthu woyankha ndi mutu. Ntchito ya amayi ake yonyamula mauthenga inagwera iye, ndipo ankaigwira, koma mopanda mchere: kupita, kunena, kubwerera.

Panalinso china chimene chinkamudya Bizwick mkati. Mkazi akamwalira, mkamwini amakhala pamudzi mpaka chiliza chimangidwe. Likafika tsiku limenelo akuchikazi amamusudzula: amamuthokoza n'kumuuza kuti ndi womasuka, abwerere kwawo akaone zina. Mwana satenga ayi. Mwana ndi wa mbumba, amatsala ndi agogo ake ndi amalume ake. Alipo akamwini amene amauzidwa kuti akhale, koma mawu amenewo amachokera kwa eni mudzi, munthu sudzipemphera wekha. A Edward, achimwene a malemu Cecilia, anali atanena kale kuti chiliza chidzamangidwa chaka chinacho anthu akakolola. A Edward ndiwo ankalankhula pa nkhani za pabanjapo, koma aliyense ankadziwa kuti bambo amenewa ngakhale kuyasamula amayamba ayang'ana kwa amayi awo. Choncho zoti Bizwick akhala ndi mwana wake kapena amusiya zinali m'manja mwa munthu amene sanayang'anizanepo naye maso, ndipo zinkamuopsa kwambiri.

Masewera aja anafika nthawi yachisanu, chaka chomwe cha malirocho. Anabwera nawo ndi a Promise, mphunzitsi wachitsikana wa papulayimale, amene anapita ku tauni kumaphunziro a aphunzitsi a zamasewera. Kumeneko anawapatsa timatabwa tiwiri togwira m'manja, tooneka ngati chipande chachikulu chophwatalala, ndi kampira kapulasitiki kobowokabowoka. Sukulu yonse pa timatabwa tiwiri! Pasanapite nthawi kamodzi kanathyoka chogwirira, a Promise n'kufika nako pansi pa mtengo pamene Bizwick ankapalira matabwa.

"Bambo a Thoko, kodi aka mungakonze?"

Bizwick anakatembenuza, kukagogoda ndi chala, kukanunkhiza monga achitira akalipentala onse. "Kukonza ayi, kafa aka. Koma kupanga kena, bwanji osapanga? Ndi kachiyani kodi?"

"Ndi beti ya pikobolo. Ana amamenyerana kampira aka kudutsitsa pa neti yaifupi, yofika m'chiuno. Awiri uku, awiri uko. Kakagwera kunja kwa mzere kapena kukodwa mu neti, mwaluza."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye zimenezi mpaka kukaphunzira ku tauni, eti?"

A Promise anaseka, n'kumusiyira beti yothyokayo pamodzi ndi kampirako kuti ayesere. Bizwick anatenga pulayiwudi yotsala pa kauntala ya sitolo ina, n'kudula mabeti anayi, zogwirira n'kuzikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Anawasiya pabenchi kuti guluu aume, iye n'kupitiriza kupala chitseko cha munthu.

Ali chowerama choncho anangomva kumbuyo kwake pho! Kenaka pho! pho! Kutembenuka, Thokozile watenga beti imodzi, akumenyetsa kampira kaja pachitseko chotsamiritsa kukhoma. Nkhope inali yomwe ija yopanda mchere, koma dzanja linkadziwa chochita. Kampirako kanapita, kanabwera, kanapita, kenaka kanaphonya chitseko, kugunda nthambi, n'kudzatera pakhutu pa Bizwick penipeni, pensulo uko! Thokozile anaseka. Anaseka chikhakhali chenicheni cha amayi ake, mpaka kukhala pansi. Bizwick anatola pensulo yake pang'onopang'ono kuti mwanayo asaone maso ake. Chiyambire maliro aja anali asanamvepo kuseka kumeneko, ndipo anatsimikiza mumtima kuti kaya ndi masewera achibwana kaya si achibwana, pamudzi pano akhazikika.

Vuto linali malo. Kampira kameneka n'konyada, kamafuna pansi polimba ndi posalala. Bwalo la kusukulu linali zitsinde za udzu ndi mapazi a ng'ombe okhaokha. Malo abwino m'dera lonselo anali amodzi: pamene panali chigafa cha fodya cha malemu amuna awo a Nachisale, pansi pogangatika ngati simenti, pafupi penipeni ndi mpanda wa mayiwo.

"Thoko, ukawafunse agogo ngati tingasese pachigafa paja kuti ana azisewerapo."

Thokozile anapita n'kubwerera. "Akuti mbuzi zimagonapo tsiku lililonse osapempha, ndiye sakudziwa kuti munthu akupempheranji."

Bizwick anaima nalo yankho limeneli mpaka dzuwa kupendeka, kulitembenuza uku ndi uku ngati thabwa lopindika. Kodi ndi eya kapena ndi ayi? Pomaliza anati ndi eya. Anatuta dothi la pachulu n'kutseka maenje, kuthira madzi, kusinja ndi chipika. Mizere anajambula ndi phulusa. Neti analuka Thokozile ndi anzake ndi chingwe chomangira fodya. Mipira anakapeza pa Nsaru musitolo ya a Umali, timipira tapulasitiki tosewera makanda, n'kumatiboola ndi sipoko ya njinga yootcha pamoto. Toyambirira anatiboola mopitirira muyeso, kungotimenya kamodzi tinkangoti fwaa ngati dzira loola. Koma dzanja linazolowera, mipira n'kuyamba kuimba bwino.

Ha! Ana anabwera ngati achita kuitanidwa ndi belu. Masewera amenewa safuna nsapato, safuna kuti mukwane khumi ndi mmodzi, safuna munthu wa minofu. Kamwana ka Sitandade 3 kakhoza kugonjetsa chimnyamata cha ndevu. Anyamata a mpira wamiyendo poyamba ankaima patali manja m'thumba, amvekere, "Za atsikana izi." Wina anadzitama n'kutenga beti. Thokozile anamuthamangitsa kumanja, kumanzere, kenaka n'kungoukhudza mpira pang'ono kuti ugwere kuseri kwa neti, mnyamatayo n'kudya dothi anzake akuona. M'mawa mwake anabweranso ndi gulu lonse, ati kudzabwezera, ndipo mpaka lero akubwezerabe. Zuwena, mwana wa a Umali, ankapalasa njinga kuchokera pa Nsaru akaweruka kumadrasa, mpango utamangidwa bwinobwino kumutu, ndipo iye ndi Thokozile akaima mbali imodzi panalibe owagwedeza.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Aphunzitsi a ku Kabudula anatumiza uthenga wofuna mabeti, a ku Msundwe nawo chimodzimodzi, a ku Mpingu anachita kubwera okha kudzayeza bwalo ndi chingwe. Bizwick zitseko anayamba kuzikhoma mochedwa, eni ake n'kumadandaula kuti akugona ndi mphasa pakhomo chifukwa cha masewera a ana. A Umali anayamba kuoda timipira tija thumba lathunthu, n'kumafunsa kuti, "Kodi achimwene, ana a kwanuko mipirayi akudya?" Akulu a mpingo anadandaula kuti ana akuchedwa ku Sande sukulu, koma mmodzi wa iwo anapezeka Loweruka lina atavula jekete, beti ili m'manja, ati ankangofuna kuona chimene chikusokoneza ana.

Nawo mauthenga a kuseri kwa mpanda anachuluka kuposa kale.

"Thokozile! Uwauze abambo ako kuti nkhuku zanga zasiya kuikira chifukwa cha pho pho wawoyu!"

"Thokozile! Uwauze abambo ako kuti ufa ndayanika kuti uume, osati kuti uzisewera nawo mpira!"

Pakuti bwalo linagundana ndi mpanda, mipira inkagwera kwa a Nachisale tsiku lililonse, ndipo panalibe mwana wolimba mtima wokatenga kupatula Thokozile. Akalowa sankatuluka msanga. Anzake ankadikira mpaka kutopa n'kutenga mpira wina. Potuluka ankatuluka akutafuna mtedza wokazinga, nthawi zina tsitsi litalukidwa mbali imodzi, koma kawirikawiri manja ali lende.

"Mpira uli kuti?" ankafunsa Bizwick.

"Akuti wamangidwa."

Bizwick ankaona manja opanda mpirawo, pakamwa podzaza mtedzapo osapaona. Tsiku lina anasuzumira pakampata ka mpanda n'kuona lichero pakhonde, mipira yomangidwa itadzaza tho. Kwa iye mpira uliwonse m'licheromo unali mlandu umene apongozi akumusungira kuti adzautulutse tsiku losudzula.

Mvula inabwera, ana n'kumasewera mvula ikakata, matope mpaka m'makutu. Chimanga chinacha, soya anamwetedwa n'kugulitsidwa. Ndiye tsiku lina ngolo inaima pakhomo pa a Edward, anyamata n'kutsitsa matumba a simenti ya chiliza. Bizwick ataona simentiyo puleni inamukanika kukankha. Anayang'ana kubwalo. Thokozile anali atadumpha m'mwamba kumenya mpira, akukalipira Zuwena moseka. Kumusiya mwana ameneyu n'kumakhala ku Nambuma, kumamuona pa Khirisimasi ngati mlendo? Ayi, zinamukanika kuziganizira. Anadzifunsa kuti n'chiyani chimene angachite kuti mtima wa apongozi ufewe, ndipo yankho limene anapeza linali lopusa kwambiri pa mayankho onse amene munthu akanapeza.

M'mawa mwake ana ali kusukulu anazula mitengo ya neti, kupinda netiyo, kusesa mizere yonse ya phulusa. Mbuzi zinabwerera pamalo pawo mosangalala.

Thokozile pobwera anaima pabwalo lopanda kanthulo, mabuku ali m'manja. "Ababa, neti ili kuti?"

"Ndachotsa. Agogo ako atopa ndi phokoso."

"Anakuuzani?"

"Chaka chonse akhala akunena. Si iwe wemwe umabweretsa mauthengawo? Tsopano pita ukawauze kuti malo awo ndawabwezera, sadzamvanso chosokosa."

"Sindipita."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati sindipita, ababa. Ndatopa, ine si foni. Amayi ankakwanitsa, ine ayi. Inu muli ndi pakamwa, agogo ali ndi pakamwa, mpanda wake ndi wa udzu." Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, chitseko chokhoma bambo ake omwe.

Dzuwa litapendeka mawu aja anamveka kuseri kwa mpanda. "Thokozile! Uwafunse abambo ako kuti..."

"Agogo, ntchito imeneyo ndasiya!"

Ngakhale nkhuku zinaoneka zodabwa.

Masiku otsatirawo mudzi unali ngati wasamuka. Ana ankafika, kuona mbuzi zitagona pabwalo, n'kubwerera mitu ili pansi. Thokozile anabwerera ku nkhope yake ija yoyankha ndi mutu. Bizwick, pofuna kuonetsa kuti ndi mkamwini wothandiza, anakonza chilichonse chimene chinali chogwedera pamudzipo: khola la mbuzi, denga la nkhokwe, mpando wa a Edward, mwendo wa benchi ya kutchalitchi. Koma amayi a pamjigo anaziwerenga mwina. Amvekere, "Mwamuona Bizwick? Akutsanzika ameneyo. Munthu sukonza zonse chonchija ngati ukukhala. Kuli wina ku Nambuma, dikirani muone." Mphekesera imeneyi inamufika mwini wake, inamupweteka, koma akanakaikanira kwa yani? Amene ankafunika kumva kukanako anali kuseri kwa mpanda, ndipo foni inali itanyanyala.

Tsiku linafika. M'mawa anthu anapita kumanda, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pachiliza, a Mvano anaimba mpaka anthu kulira mwatsopano. Atabwerako n'kudya, alendo ambiri atabalalika, abale okhaokha anakhala pansi pa mtengo wa mango. Amuna pamipando, amayi pamphasa. A Nachisale anakhala chakumapeto atafulatira pang'ono, maso ali pathunthu la mtengo. Pambali pa Bizwick panali a Dominic, akulu ake ochokera ku Nambuma, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo.

A Edward anakonza kukhosi. "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino mpaka tsiku lake lomaliza. Sitinakupezeni chifukwa. Lero tikukumasulani. Njira ya ku Nambuma ndi yotsegula, mukafuna kukwatira kwatirani, ife tilibe nanu mangawa." Atatero anaima kaye n'kuyang'ana kwa amayi awo, kudikira ngati pali mawu ena oti awonjezere. Mayiwo anangoyang'anabe mtengo. A Edward anakhala pansi.

A Dominic anaomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza monga mwa mwambo. Bizwick naye anaomba, koma manja ake sanamveke. Anayang'ana Thokozile pamphasa paja, mwanayo akukumba pansi ndi kamtengo, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale tsiku la maliro, chifukwa uyu ankamutaya ali moyo.

Kenaka a Nachisale anatsokomola. "Thokozile. Uwauze abambo ako kuti..."

"Ayi, agogo."

Amayi a pamphasa anagwira pakamwa. Mwana kukana agogo ake pagulu! Koma Thokozile sanadzutse mutu.

"Edward," anatero mayiwo, "uwauze alamu ako kuti..." A Edward anadzuka msangamsanga atatsegula kale pakamwa. Amayi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Aaa, iwe khala pansi, ungazipotoze."

Anadzuka okha, kumanga chitenje, n'kulowa kumpanda kwawo. Anthu anayang'anizana. Potuluka anatuluka ndi lichero lija pamutu, ndipo sanapite pamphasa ayi, analunjika pamene panakhala Bizwick. Mayo! Miyendo ya Bizwick inadzuka yokha. Maso anathamanga uku ndi uku kufuna popatukira, koma chimanga chinali chitakololedwa, minda yonse ili mbee, ngakhale chitedze panalibe. A Dominic anamugwira malaya n'kumukhazika pansi.

Lichero linatera pamapazi pake, mipira ina n'kudumphira kunja pho, pho, pho. A Nachisale anakhala pansi moyang'anizana naye, n'kumuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Bambo a Thokozile," anatero. "Ha, kani nkhope yanu ndi yotere? Mwayamba kale imvi."

Wina pamphasa anaseka n'kudzigwira msanga.

"Neti munachotseranji? Mukufulumira kupita?"

Bizwick anayang'ana pansi. "Phokoso, amayi. Nkhuku zija munati..."

"Nkhuku zikuikira bwinobwino, zinasiya liti? Munthu osadandaulako pang'ono pakhomo pake?" Mawu aja ofika kudambo anatsika mpaka anthu anachita kusendera kuti amve. "Mwana wanga atapita, m'nyumba mwanga munali ngati kumanda. Mdzukulu wangayu ankabwera kudzanena uthenga n'kutembenuka, ngati wa positi. Tsiku limene ndinamumva akuseka kuseri kwa mpanda ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa ndinamva Cecilia. Mipira iyi ndinkaigwira dala, kuti alowe adzapemphe, ndimuone, ndimuluke tsitsi, andiuze za kusukulu. Inu n'kukazula neti! Nanga tsopano ndizimugwira ndi chiyani?"

A Edward ankayang'ana nsapato zawo.

"Pamjigo akuti kuli wina ku Nambuma. Ngati aliko pitani, sitikumangani, mwamasulidwa. Koma ngati kulibe, mwanayu anataya kale mayi, asatayenso bambo ali moyo. Nyumba ndi yanu, munda ndi womwe uja. Khalani."

Bizwick, mwachizolowezi cha zaka zonse zija, anatembenukira pamphasa. "Thoko, uwauze agogo kuti..."

Thokozile anapukusa mutu, misozi ikutsika, koma akumwetulira.

Panalibenso kothawira. Bizwick anachotsa pensulo kukhutu, pakuti ngakhale tsiku limenelo inali pomwepo, n'kuigwira ndi manja awiri ngati chipewa. Anadzutsa maso n'kuyang'ana apongozi ake. Mayiwo anali ndi maso a Cecilia enieni, chinthu chimene zaka zonsezi sankachidziwa.

"Kulibe wina, amayi," anatero. "Ndikhala."

"Chabwino. Edward, gwira tambala wofiira uja, wachedwa kale kufa ameneyo."

M'mawa mwake mbuzi zinathamangitsidwanso, mitengo inabwerera m'maenje ake, phulusa linathiridwa mwatsopano. Uthenga unayenda msanga kuposa njinga, ndipo pofika masana ana anali atadzaza, Zuwena ali kale pambali pa Thokozile. Sipanatenge nthawi, mnyamata wina wobwezera uja anamenya mwamphamvu zopanda nzeru, mpira n'kuuluka kukagwera kuseri kwa mpanda. Ana onse anayang'ana Thokozile monga mwa masiku onse. Iye anangoima, beti ili paphewa.

"Ababa, pitani ndinu."

Bizwick anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kupukuta manja pathalauza. Anayenda mpaka pakhomo la mpanda limene analikonza kambirimbiri eni ake ali kumunda, koma asanalowepo chikwatirire eni akewo alipo. Anaima, n'kukonza kukhosi.

"Odi, amayi!"

"Lowani, bambo," anayankha mawu mkatimo. "Koma mpirawo simuupeza msanga. Khalani pansi kaye, mtedza uli pamoto."